Kupatsa masiginolo malamulo mu OpenTTD, kuti sitima ya malasha isatsekerenso ya anthu

Aliyense amene anamangapo njanji mu OpenTTD, gemu ya pa kompyuta yoyendetsa kampani ya zamtengatenga, amadzafika pa vuto lomweli. Sitima zikakhala zinayi kapena zisanu zimayenda mwamtendere, ndalama n'kumalowa. Zikachuluka, ya malasha yoyenda mwaulesi imalowa kutsogolo kwa ya anthu yothamanga, ina imakaima pakati penipeni pa mphambano, ndipo pobwera kothira tiyi mumapeza mzere wa sitima wafika kutsidya kwa mapu. Siginolo wamba imadziwa chinthu chimodzi chokha: kutsogoloku kuli malo kapena kulibe. Sidziwa kuti yafikayi ndi sitima yanji, yanyamula chiyani, ikulowera kuti. Pano tiona mmene mungaiphunzitsire kufunsa mafunso amenewo.

Ndigwiritsa ntchito mayina a kuno ku Joni, Germiston, Park Station ndi City Deep, kuti tonse tizionera limodzi m'maganizo. Mu gemu dzina la siteshoni limasinthika, ndiye mukhoza kutchula zanu chimodzimodzi. Sikuti tikumanga njanji za PRASA, bungwe la sitima za anthu la kuno, momwe zililimu ayi, tangobwereka mayina.

Choyamba: pezani gemu yoyenera

Apa ndi pamene ambiri amataya Loweruka lathunthu akusaka batani limene kulibe. OpenTTD ndi gemu yaulere, inatuluka mu 2004 potsanzira Transport Tycoon Deluxe ya Chris Sawyer ya mu 1995, ndipo kuyambira 2021 imapezekanso pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti. Koma ya pa Steam ija, ngakhalenso ya pa webusayiti yawo, ilibe masiginolo olemberedwa malamulo. Amenewa ali mu JGR's Patch Pack, imene osewera amangoti JGRPP, yokonzedwa ndi Jonathan G Rennison. Imapezeka pa webusayiti ya GitHub, pa tsamba la Releases, ya Windows, Linux ndi macOS. Si yolemera: laputopu yakale yogula ku sekondihandi imaitha, ndipo sidya bandulo ngati magemu a masiku anowa. Masulani fayiloyo mu foda yakeyake. Ikakufunsani zithunzi, vomerani kuti ikopere OpenGFX.

Chenjezo limodzi musanapitirire. JGRPP imatsegula gemu imene munasunga mu OpenTTD wamba, koma mukaisunga mu JGRPP siibwereranso kwawo. Ngati muli ndi kampani imene mwailera kuyambira 1950 mpaka 2030, koperani fayilo yake pambali kaye.

Chachiwiri: tsegulani zobisika

Lowani mu Settings, ndipo pa Category sankhani Expert, apo ayi zina sizioneka. Pamwamba pali kabokosi kosakira. Lembanimo mawu awa limodzilimodzi.

Lembani signal, mupeze pamene akufunsa mitundu ya masiginolo yoti ioneke, musankhe yonse. Kuyambira pa OpenTTD 12 gemu imangoonetsa ma path signal okha pokhapokha mutaiuza. Lembani programmable, muyatse kuti programmable pre-signal, siginolo imene mumailembera nthawi yofiira ndi yobiriwira, ioneke pa windo la masiginolo. Lembani restriction, muyatse zapamwamba za routing restriction, chifukwa popanda zimenezo ma slot, amene tiwafotokoze kutsogoloku, simuwaona. Lembani reservation, muyatse kuti njira imene sitima yadzisungira izioneka yakuda pa njanji. Ichi n'chofunika kuposa zonse, ndi maso anu pa ntchito yonseyi. Lembani paused, mulole kumanga gemu itaima.

Pomaliza lembani braking, ndipo muisiye pa Original. Realistic braking ndi yokoma, sitima imayamba kugwira mabuleki patali ngati yeniyeni, koma imakana ma pre-signal, ndipo tiwafuna kutsogoloku.

Chachitatu: njanji iyende bwino isanalandire lamulo lililonse

Lamulo silikonza mphambano yomangidwa molakwika. Limangobisa cholakwikacho mpaka tsiku limene sitima zachuluka.

Mangani njanji ziwiri, yopita ndi yobwera, kuchokera ku Germiston kukafika ku Park Station. Kuno sitima zimayenda kumanzere ngati magalimoto, ndiye chitani zomwezo kuti mutu usasokonezeke. Ikani one-way path signal, ija ili ndi kachikwangwani kofiira kumbuyo, ndipo mukagwira Ctrl n'kukoka mausi, gemu imadzaza yokha masiginolo mpaka pa mphambano yotsatira. Ma path signal anabwera mu 2009, ndipo pa ntchito zambiri ndi okwanira: amakhala ofiira mpaka sitima itapeza njira yonse yopanda ina kukafika pamalo poti ingaime, kenako amaisungira njirayo.

Funso loti muzidzifunsa pa siginolo iliyonse ndi ili: sitima yanga yaitali kwambiri ikaima apa, mchira wake uli pati? Ngati mchira watsalira pa mphambano, siginoloyo ili pamalo polakwika. Mabogi ambiri a mu gemu amatenga theka la kabokosi ka pansi, choncho sitima ya timabokosi 7, womwe ndi utali umene gemu imalola poyamba, imakhala ndi zidutswa 14 kuwerengera ndi mutu womwe. Mukadutsa mphambano, werengani timabokosi 7 musanaike siginolo yotsatira. Kutsogolo kwa mphambano ikani siginolo pafupi, koma mkati mwake musaikemo.

Tsopano pa njanji yopita ku Park Station, patangodutsa Germiston, igaweni pawiri: ya liwiro ndi ya pang'onopang'ono, zoyenda moyandikana kwa mtunda ndithu kenako n'kudzakumananso kutsogolo. Nthambi ya ku City Deep, kumene kumatsitsidwa makontena, ituluke patsogolo pa pokumanirapo. Tulutsani sitima ziwiri za anthu ndi ziwiri za katundu, muziyang'ana. Mudzaona kuti zonse zikukonda njanji imodzi, yaifupiyo, ndipo ya katundu ikalowa koyamba ya anthu imangokwawa pambuyo pake.

Chachinayi: nenani lamulolo m'Chichewa musanagwire mausi

Tengani pepala, mulembe chiganizo chimodzi. Ngati lamulo likukanika kukwana m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti ndi malamulo awiri, kapena simunadziwebe chimene mukufuna. Mukalemba, onani kuti ndi lamtundu uti, chifukwa zida zake ndi zitatu zosiyana.

Ngati chiganizo chikuti "sitima yakutiyakuti idzere uku, osati uko", chida chake ndi Deny kapena Penalty. Ngati chikuti "m'dera ili musalowe sitima zoposa zakuti", chida chake ndi slot. Ngati chikuti "siginolo iyi ikhale yofiira mpaka chakuti chitachitika", ndiye mwafika pa programmable pre-signal. Ambiri amathamangira yachitatuyi chifukwa dzina lake ndi lokopa, koma kunena zoona mavuto ochuluka amathera pa ziwiri zoyambazo.

Ndipo pali malo ena osafuna lamulo n'komwe. Nthambi ya ku City Deep imangopita ku City Deep. Sitima ya anthu yolamulidwa kupita ku Park Station singalowereko, chifukwa gemu imadziwa kale kuti kulibe njira. Lamulo limafunika pokhapo pamene njira ziwiri zonse zikukafika kumene sitima ikupita.

Chachisanu: Deny, kupatula za katundu ndi za anthu

Chiganizo chathu: sitima yosafika liwiro la 120 km/h isalowe njanji ya liwiro.

Imitsani gemu ndi F1. Pa windo la masiginolo dinani batani la routefinding restriction, kenako dinani siginolo yoyamba ya pa njanji ya liwiro, ija ili patsogolo pa pogawikana. Windo lopanda kanthu litseguka. Dinani Insert, musankhe If. Mzere ubwera wosanena kalikonse, ndipo pansi pake pali End if. Dinani mzerewo, pa mabatani a m'munsi musankhe max speed, kenako less than, kenako mulembe 120. Tsopano dinani pa End if, Insert kachiwiri, musankhe Deny. Gemu imaika chatsopano pamwamba pa mzere umene mwadina, ndiye Deny ikhala mkati, pakati pa If ndi End if. Yang'anitsitsani zimenezi. Ikagwera kunja, mwatsekera sitima zonse. Mukatseka windo, mtengo wa siginoloyo usanduka wabuluu, kuti muziizindikira muli patali.

Mvetsani chimene Deny imachita, chifukwa apa ndi pamene anthu amasokonezeka. Siisandutsa siginolo kukhala yofiira. Imalankhula ndi ubongo wa sitima umene umasankha njira, n'kuuuza kuti kwa iweyo njanji iyi yathera pompano. Sitima imayang'ana patsogolo isanafike pogawikana, imaona kuti kwatsekedwa, n'kukhotera ku njanji inayo. N'chifukwa chake lamulo limaikidwa pa nthambi imene mukuletsa, osati pa siginolo ya kumbuyo kwa mphambano. Mukaliika kumbuyo mwaletsa njira zonse ziwiri, ndipo sitima yoletsedwa paliponse imasochera: uthenga umabwera kuti train is lost, iyo n'kumangoyenda mwachimbulimbuli.

N'chifukwa chiyani ndasankha liwiro m'malo mwa katundu? Lamulo la cargo liliponso, ndipo limagwira, koma limafunsa zimene mabogi angathe kunyamula, osati zimene zilimo panopa. Mukati yosanyamula anthu isalowe, mwaletsanso sitima ya makalata yothamanga 160 km/h imene sikanachedwetsa aliyense. Komanso mwalola kasitima kakale ka anthu koyenda 70 km/h kudzatsekereza onse. Chimene chimapweteka pa njanji ya liwiro ndi kuchedwa, choncho funsani za liwiro. Kumbukirani chabe kuti zaka zikamapita mitu ya sitima imakhala yamphamvu, ndiye 120 wa mu 1960 adzafunika kukwezedwa pofika 1990.

Pali kanthu kenanso kothandiza pompa. Mwina malo ndi ochepa, ndipo siginolo yonyamula lamulo yakakamizika kukhala pafupi kwambiri ndi mphambano, poti sitima ikaima mchira utsekereza. Onjezani Reserve through pa siginoloyo, kunja kwa If. Sitima sidzaimanso pamenepo. Idzasungira njira kupyola mpaka siginolo yotsatira, ndipo iyi itsala ngati chikwangwani chongonyamula lamulo.

Chachisanu ndi chimodzi: Penalty, kukonda popanda kuletsa

Nanga sitima ya anthu ikalowa njanji ya pang'onopang'ono? Simukufuna kuiletseratu, chifukwa tsiku lina ya liwiro idzadzaza kapena mudzakhala mukuikonza. Mukungofuna kuti isamaikonde. Pa siginolo yoyamba ya njanji ya pang'onopang'ono ikani If max speed ndi 120 kapena kuposa, ndipo mkati mwake Add penalty. Muli small, medium, large, kapena nambala yanuyanu. Gemu imawerengera njira iliyonse mtengo, kutengera utali, makona, zitunda ndi masiginolo ofiira, n'kusankha yotsika mtengo. Penalty imangowonjezera pa mtengowo. Yambani ndi small, muone. Ikapanda kusintha kanthu kwezani. Mukayamba ndi large mwapanga Deny ina yovala jekete.

Ine ndimati pamene mukukayika, ikani Penalty. Sitima yolipitsidwa imadandaula koma imafika. Yoletsedwa imasochera.

Ku Park Station tigwiritse ntchito zomwezi pa mapulatifomu. Tinene kuti awiri ndi a timabokosi 7, ena awiri ndi a timabokosi 4, ndipo simukufuna tisitima tatifupi tizidzaza aatali pamene sitima yaitali ikudikira panja. Pakhomo pa pulatifomu iliyonse pamakhala path signal wamba, osati one-way, yoyang'ana sitima yotuluka. Yolowa imaidutsa chakumbuyo, ndipo lamulo limagwira mbali zonse ziwiri. Pa mapulatifomu aatali lembani If entry direction ndi back, mkati mwake If train length ndi 4 kapena kuchepera, mkati mwakenso Penalty ya medium. Pa aafupi lembani If entry direction ndi back, If train length ndi yoposa 4, Deny.

Mzere wa entry direction uja musausiye. Popanda iwo, sitima yaitali imene inali kale mu pulatifomu yaifupi pamene mumalemba lamulo idzaletsedwa kutuluka.

Ziwiri zoti musunge m'mutu polemba malamulo ataliatali: gemu imawerenga kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo malamulo awiri akatsutsana lomaliza ndi limene limapambana. Ma Penalty okha satsutsana, amaphatikizana.

Chachisanu ndi chiwiri: slot, kuwerenga mitu

Ichi ndi chida chimene chimapulumutsa makampani akuluakulu, ndipo maganizo ake ndi akale kuposa kompyuta. Pa njanji zakale za mzere umodzi, woyendetsa sitima sankalowa m'chigawo asanalandire kachitsulo kapena ndodo ya chigawocho, ndipo ankaipereka akatuluka. Popanda ndodo, dikira. Slot ndi ndodo yomweyo, kungoti mukhoza kupanga zingapo. Amene munaonapo sitima za malasha a ku Moatize zikudutsa pa Nkaya ndi Liwonde kulowera ku Nayuchi pa ulendo wa ku Nacala mukudziwa kuti pa njanji imodzi nkhani yonse ndi yakuti ndani alowe, ndani adikire pambali.

Vuto lathu lili ku City Deep. Kuli mapulatifomu awiri ndi malo odikirira sitima imodzi. Yachinayi ikabwera, mchira wake umatsalira pa njanji yaikulu, ndipo za anthu zonse zimaima. Chiganizo: m'nthambi ya City Deep musalowe sitima zoposa zitatu.

Tsegulani mndandanda wa sitima zanu, pa Manage list musankhe Manage slots. Pangani slot yatsopano, muitche City Deep, ndipo chiwerengero chake chikhale 3.

Tsopano ganizani bwino za pamene yachinayi idzadikire, chifukwa slot siichotsa mzere, imangousamutsa. Malo abwino ndi pa njanji ya pang'onopang'ono ija, pa siginolo yomaliza isanakumane ndi ya liwiro. Yodikira pamenepo sitsekera za anthu. Pa siginoloyo, imene iyenera kukhala path signal, lembani If current order ndi City Deep, kutanthauza kuti sitimayo yalamulidwa kupita ku City Deep, ndipo mkati mwake slot operation, Acquire or wait, slot ya City Deep. If ameneyu ndi wofunika: sitima ya malasha yongodutsa isatenge malo a eni ake. Kenako pitani pa siginolo yotulukira mu nthambiyo, muike slot operation ya Release, ija ya back, kuti malo amasuke mchira ukadutsa osati mutu ukangosuzumira.

Zimafanana ndi mashala wa pa renki ya taxi ku Noord: salola galimoto kulowa m'mzere wokwezera mpaka ina itanyamuka, ndipo zodikira zimaima kumene sizitseka msewu.

Slot imafa ndi chinthu chimodzi, kutenga osabweza. Ngati nthambi ili ndi makomo awiri otulukira, onse awiri akhale ndi Release. Ngati mwasintha ma order a sitima itatenga kale malo koma isanalowe, idzapita kwina ndi malowo. Ngati mwaimitsa sitima mu depoti ya mkati mwa nthambi n'kuiiwala, yakhalira malo amodzi mwa atatu. Zizindikiro zake n'zodziwika: sitima zikudikira panja, siteshoni ili mbee. Zikatero tsegulani Manage slots, muone amene alimo, mumuchotse pamanja. Pa tsiku loyamba samalaninso ndi sitima zimene zinali kale mkati pamene mumapanga slot. Zimenezo sizinawerengedwe, ndiye kwa kanthawi kochepa mukhoza kuona zinayi kapena zisanu mkatimo. Zikatuluka zonse chiwerengero chimakhazikika.

Chachisanu ndi chitatu: programmable pre-signal, kupatsa njira wamkulu

Tafika pa siginolo imene imalamuliradi kufiira ndi kubiriwira kwake. Tiigwiritsa ntchito pamene sitima zochokera ku City Deep zikulowanso mu njanji yaikulu yobwerera ku Germiston. Sitima ya makontena ikalowa pamaso pa ya anthu yothamanga, ya anthuyo imaima zii, ndipo kuti iyambirenso liwiro pamatenga nthawi. Chiganizo: ya ku nthambi idikire ngati pa njanji yaikulu pakubwera ina.

Siginolo iyi ndi ya banja la block signal, osati path signal. Block signal imayang'ana chigawo chonse cha njanji kuyambira pa iyo mpaka masiginolo otsatira, ndipo imakhala yobiriwira ngati mulibe sitima, yofiira ngati ilimo. Khalidwe limeneli ndi limene tikulifuna, chifukwa siginolo yotere imatiuza zoona za chigawo chake nthawi zonse. Path signal singatiuze, poti imakhala yofiira ngakhale kulibe kanthu.

Pa njanji yaikulu sinthani masiginolo awiri akhale block signal oyang'ana mbali imodzi. Yoyamba, tiitche B, ili pafupi ndi pokumanirana. Yachiwiri, A, ili kumbuyo kwake, mtunda wa timabokosi 8 kapena 10, ndipo pakati pawo pasakhale ina. Pa nthambi, pafupi ndi pokumanirana, ikani programmable pre-signal, nayonso yoyang'ana mbali imodzi. Musasakanize path signal ndi block signal polowera m'chigawo chimodzi. Khomo lililonse lolowera pa mphambanoyi likhale la banja limodzi.

Dinani batani la program signal, kenako siginolo ya pa nthambi. Insert, If. Pa condition sankhani signal state, dinani batani losankhira siginolo, n'kukadina A pa mapu. Mzerewo ukufunsa ngati A ndi yobiriwira. Pansi pake ikani Set signal, ikhale green. Pansi pa Else ikaninso Set signal, ikhale red. Lembani mbali zonse ziwiri nthawi zonse, musasiye gemu kukuganizirani.

Tsatani zimene zichitike. Sitima ya anthu ikadutsa A, A imafiira, ndipo ya pa nthambi imafiira nayo. Ikadutsa B yalowa m'chigawo cha mphambano, ndipo ya pa nthambi imakhalabe yofiira chifukwa chigawo chake chomwe chili ndi sitima. Lamulo lanu silingaibiriwitse m'chigawo muli ina, ndiye ngozi musaope. Mchira ukadutsa siginolo ya patsogolo pa mphambano, ya makontena imanyamuka.

Kale osewera ankapanga zimenezi ndi kanjanji kabodza kolumikiza ma combo signal (mtundu wina wa pre-signal) a mbali ziwiri, kodya malo komanso konyansa m'maso. Pano ndi mizere isanu.

Mtunda wa pakati pa A ndi B ndi umene muyenera kuusewera nawo. Ukafupika, ya makontena imanyamuka mochedwa, ya anthu n'kuipeza isanachoke pa mphambano. Ukatalika pa njanji yotanganidwa, A imakhala yofiira pafupifupi nthawi zonse, ndipo City Deep imadzaza ndi sitima zosowa potulukira, slot ija n'kutseka, mzere n'kubwerera ku Germiston. Ngati sitima zanu n'zothamanga kwambiri, musatalikitse chigawo chimodzi. Ikani block signal ina kumbuyo kwa A, ndipo mulowetse If wachiwiri mkati mwa woyamba, kuti ibiriwire pokhapokha onse awiri ali obiriwira. Ndipo mukadzachotsa kapena kusuntha A, bwererani mukalozenso lamulolo pa siginolo yatsopano, chifukwa silidzitsata lokha.

Siginolo yomweyi imathanso kuwerenga ma exit signal, aja a pa makomo otulukira m'chigawo chake, kuti obiriwira ndi angati, ofiira angati. Entry signal wamba, ya pakhomo lolowera, imatsegula ikaona exit imodzi yobiriwira. Iyi mukhoza kuiuza kuti itsegule pokhapokha obiriwira ali awiri kapena kuposa, n'kusiyira pulatifomu imodzi sitima zochokera ku khomo lina. Imathanso kuyang'ana kudzaza kwa slot.

Amene simukufuna kusiya ma path signal, kapena mwaikonda realistic braking, njira ina ilipo. Pangani slot ina, sitima za pa njanji yaikulu ziziitenga pa A ndi Try to acquire n'kuibweza zikadutsa mphambano. Pa siginolo ya nthambi lembani If slot occupancy ndi yoposa 0, mkati mwake Wait at path signal. Chiwerengero cha slot imeneyi chikhale chachikulu, monga 5, kuti zotsatizana zonse zizilowamo. Zotsatira zake n'zofanana.

Kuyesa, ndi kufalitsa lamulo

Sungani gemu musanayambe lamulo lililonse latsopano, ndipo autosave ikhale yoyaka, poti magetsi a kuno sapempha chilolezo akamazima. Lembani lamulo limodzi, chotsani pause, mudikire sitima imodzi ya mtundu uliwonse idutse. Tsegulani windo la sitimayo, muyang'ane mzere wakuda wa njira imene yasungira. Ukakhotera kumene simumayembekezera, imitsani gemu pompo muwerengenso lamulo kuchokera pamwamba, mukudziyesa sitimayo. Nthawi zambiri cholakwa chimakhala less than pamalo pa more than, kapena Deny yagwera kunja kwa End if. Mukakhutira gwirani Tab kuti nthawi ithamange, papite miyezi ingapo ya mu gemu, chifukwa mavuto a slot saonekera tsiku loyamba.

Lamulo likagwira ndipo mukulifuna pa masiginolo ena, pali Copy ndi Share. Copy imapatsa siginolo inayo lamulo lakelake, ndipo mukadzasintha pano uko sikusintha. Share imamangirira onse ku lamulo limodzi. Pa malamulo a liwiro gwiritsani ntchito Share, kuti pokweza 120 kufika 160 musinthe pamalo amodzi osati kuzungulira mapu onse. Koma musanasinthe lamulo logawana kumbukirani kuti mukusintha paliponse. Ngati mukufuna kusintha siginolo imodzi yokha, dinani Unshare kaye.

Ikaninso kachikwangwani ka place sign pambali pa siginolo iliyonse yabuluu, mulembepo chiganizo cha pa pepala chija. Izi zimathandiza kwambiri mukamasewera ndi anzanu pa intaneti, wina ali ku Rosettenville, wina ku Randburg, wina kumudzi ku Lilongwe, nonse mu kampani imodzi. Mnzanu akapeza sitima yaima pa siginolo yofiira kutsogolo kulibe kanthu, dzanja limathamangira ku batani lokakamiza sitima kudutsa, ndipo ndi batani limeneli sitima zimawombana. Akawerenga kuti "ikudikira malo ku City Deep" amaisiya. Pa masewera a pagulu otere aliyense akhale ndi JGRPP ya nambala yofanana ndendende ndi ya amene watsegula seva, apo ayi gemu ikana kumulowetsa, ndiye gwirizanani nambalayo pa gulu la WhatsApp wina asanawononge bandulo yake kukopera yolakwika.